Mamilimita 1,695: lamulo la ku Japan limene timakwelamo

Aliyense amene anacezelapo pa foni kuona mamotoka ogulitsa a ku Japan adziwa kumene maso amathamangila: mtengo, caka, makilomita, ukulu wa injini. Munsi mwa zimenezi mumakhala manambala ena atatu amene ambili a ife timangowalumpha: utali wa motoka, m'lifupi mwake na msinkhu wake. Tsiku lina mukayang'ane nambala ya pakatiyo. Toyota Allion ni mamilimita 1,695. Premio, 1,695. Corolla Fielder, RunX, Sienta, Noah zambili, Nissan Tiida, Bluebird Sylphy, Honda Fit yocokela mu 2007, zonse 1,695. Hiace imene timakwela popita mu tauni ni 1,695, ndipo ija yakale ni 1,690. Makampani osiyana, mainjiniya osiyana, zaka zosiyana, koma onse anakaima pa mzele umodzi, kutatsala mamilimita ocepa cabe kuti afike pa mita 1.7.

Sanacite kupangana. Onse anali kuthawa msonkho umodzi. Lamulo lake silinapite ku Manda Hill, ndipo palibe wa ife amene anavotela anthu amene analilemba, koma ndilo limagamula kuti tizikhala angati ku mpando wa kumbuyo komanso kuti geti ya pa yadi ikule bwanji.

Tiyambe na dzina. Motoka imene masaiti amalemba kuti sedan ni imene akulu-akulu athu amacha saluni, kutengela Angelezi. Ili na zigawo zitatu zoonekelatu: boneti kutsogolo, pokhala anthu pakati, na buti yotsekeka payokha kumbuyo. Liu lakuti sedan ni lakale kuposa motoka. Ku London m'zaka za m'ma 1600 linali dzina la kabokosi kokhala na mpando mkati, kamene amuna awili anali kunyamula pa mitengo, munthu wandalama ali phee mkatimo. Ise sitifunika kufotokozeledwa zambili, cifukwa agogo athu ananyamulapo abwana a boma pa macila. Aku America ndiwo anasamutsila dzinali ku motoka yotsekeka kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900.

Ku Japan nakonso macila anali ako, ochedwa kago, ndipo apa m'pamene nkhani ya mamilimita iyambila. M'nthawi ya Edo, kucokela mu 1603 mpaka 1868, anthu pa miseu ikulu monga Tokaido anali kuyenda pansi, pa hachi kapena pa kago. Ngolo zonyamula anthu zokokedwa na mahachi, zimene zinacititsa mizinda ya ku Ulaya kukhala na miseu yotakata, kumeneko sizinafale. Conco matauni anakula na tunjila topapatiza tokwanila munthu na katundu wake. Motoka inapeza nyumba zitamangidwa kale mbali zonse ziwili. Ngakhale nkhondo yaciwili itatha, mizinda yambili itapsa na mabomba, tunjila tambili tunabwelela mmene tunalili. Lamulo la zomanga-manga la mu 1950 linacita kunena kuti nyumba yatsopano iyenela kuyang'anizana na mseu wa mamita 4 kapena kuposa, umboni wakuti yambili inali yosafika pamenepo. Mu 1956 gulu la akatswili a ku America lotsogoleledwa na Ralph Watkins linayendela miseu ya dzikolo n'kulemba kuti inali yoipa kwambili, ndipo mbali yaikulu ya miseu ya boma inalibe tala. Dziko limene lelo timaliona ngati kwao kwa mamotoka linali na fumbi na matope ngati ku komboni mu Febuluwale.

Cita masamu pa mseu wa mamita 4. Mamotoka awili a mita 1.7 akakumana, adya mamita 3.4. Patsala masentimita 60 ogawana pakati pa mipanda iwili na mpata wa pakati. Apitana, koma mwaulemu. Onjezela masentimita 10 pa motoka iliyonse, wina afunika kubwelela kumbuyo.

Asilikali a mayiko opambana nkhondo amene anali kulamulila Japan anacotsa ziletso pa kupanga mamotoka onyamula anthu mu 1949. Caka comweco boma linakhazikitsa gulu la tumamotoka tung'ono kwambili tochedwa kei: utali mamita 2.8, m'lifupi mita imodzi, injini yosapitilila 150cc. Malile amenewo anali opanikiza kwambili cakuti anawasintha mwamsanga, mpaka anafika pa 360cc, ndipo mu 1958 kunabadwa Subaru 360, kamotoka kamene anthu wamba anayamba kukwanitsa. Mu 1951 kunabwela lamulo lalikulu la mamotoka a pa mseu, limene likali kugwila nchito mpaka lelo, logawa mamotoka m'magulu malinga na ukulu wa thupi na injini. Pamwamba pa kei panali gulu la "yaing'ono", ndipo pamwamba pake gulu la "yanthawi zonse", dzina lonamiza, cifukwa imeneyo ndiyo inali ya anthu olemela.

Pa nthawi imene Toyota Crown yoyamba inatuluka mu 1955, malile a gulu laling'ono anali injini ya 1,500cc. Crown inabwela na 1,453cc. Mu 1960 boma linakweza malilewo n'kuika manambala amene sanasunthe mpaka lelo: utali osapitilila mamita 4.7, m'lifupi osapitilila mita 1.7, msinkhu osapitilila mamita 2, injini ya petulo yosapitilila 2,000cc. Makampani sanacedwe. Caka comweco Crown inalandila injini ya malita 1.9, ndipo Nissan Cedric, imene inali itangotuluka na malita 1.5, nayonso inakwela kufika pa 1.9.

Lamuloli silikhululuka. Ukaphonya pa cimodzi mwa zinayizo, olo na milimita imodzi, motoka yonse yalowa m'gulu lapamwamba. Ndipo aliyense pa mseu amadziwa, cifukwa nambala puleti imaulula. Pamwamba pa puleti ya ku Japan pamakhala dzina la dela na kanambala ka gulu. Kakayamba na 5, motoka ni yaing'ono. Kakayamba na 3, ni yaikulu. Ma kei ali na puleti yacikasu. Anthu kumeneko amangoti "ya 5" kapena "ya 3", monga mmene ise timadziwila motoka ya boma tikaona GRZ.

Kusiyana kwa ndalama sikunali kwa masewela. Ca m'ma 1980, mwini motoka ya 2,000cc ya gulu laling'ono anali kulipila mayeni 39,500 pa caka. Akangolowa m'gulu la 3, msonkho unali kuyambila pa mayeni 81,500, kuposa kuwilikiza kawili. Pogula naponso panali msonkho wa katundu wapamwamba: 18.5 pelesenti pa yaing'ono, 23 pelesenti pa yaikulu. Ndiye kwa zaka pafupi-fupi 30, mabwana a makampani, madokotala, oyendetsa matakisi na mabanja onse anali kugula motoka yokwana m'bokosi limodzi-modzi la 4.7 na 1.7. Mark II ya mu 1988, imene kwao inali motoka ya munthu amene zinthu zamuyendela, inali 1,695 m'lifupi, cimodzi-modzi na Vitz ya mu 2005.

Apa m'pamene mainjiniya anaonetsa nzelu zimene timakhalamo mosadziwa. Popeza sakanafutukula thupi, anayamba kusakila malo mkati. Zitseko anazipanga zopyapyala. Mbali za motoka anaziimika mowongoka m'malo mozipinda, kuti mapewa apeze malo; ndiye cifukwa cake mamotoka ambili akale a ku Japan amaoneka ngati bokosi. Ndiyeno anatalikitsa mtunda wa pakati pa mawilo a kutsogolo na a kumbuyo, umene pa mapepala amalemba kuti wheelbase. Nambala imeneyi ndiyo imauza mawondo ako zoona. Corolla ya mu 2000 ili na mamilimita 2,600. Allion na Premio zili na 2,700. M'lifupi n'zofanana ndendende, koma masentimita 10 amenewo ndiwo amacititsa kuti munthu wamtali akhale bwino kumbuyo kwa Allion popita ku Cipata, pamene mu Corolla afika pa Luangwa miyendo itacita dzanzi. Anthu atatu akulu-akulu kumbuyo apanikizana mofanana m'zonse ziwili. Pa zimenezo palibe injiniya amene akanathandiza.

Ma injini naonso anadulidwa motsatila msonkho. Palibe amene amapanga 2,000cc yeni-yeni. Injini ya 1G ya Mark II ni 1,988cc. Ya 3S ni 1,998cc. Ya 1NZ, imene makanika aliyense mu Lusaka angaimasule atatsinzina, ni 1,496cc, cifukwa msonkho wa pa caka umakwela pa 1,500. Ya Mark X ni 2,499cc. Kulikonse kumene muona nambala yotsala pang'ono kukwana, dziwani kuti pafupi pali ofesi ya msonkho.

Cina cimene tiyenela kudziwa pa kapimidwe: m'lifupi mwa motoka amapima thupi cabe, magalasi a m'mbali sawelengedwa. Conco motoka ya 1,695 ikatambasula magalasi imafuna malo oyandikila mamita awili. Amene anamangapo geti poyang'ana nambala ya pa pepala anaphunzila zimenezi na penti. Ku Japan magalasi a pa citseko analoledwa mu 1983. Kale anali kuwaika kutsogolo pamwamba pa mawilo, ndipo matakisi ambili anapitiliza nao cifukwa satuluka kwambili kunja kwa thupi.

Matakisi amenewo anali na malile aoao. Mitengo yolipilitsa inali kudalila gulu la motoka, ndipo Toyota inapanga motoka ziwili za nchito imeneyi mu 1995: Comfort ya mamilimita 4,590, yokwana pansi pa mamita 4.6 a takisi yaing'ono, na Crown Comfort ya 4,695. Zonse ziwili m'lifupi, mwadziwa kale.

Pamwamba pa msonkho panabwela lamulo lina mu 1962, limene ise tingaliseke koma lili na nzelu. M'madela ambili a Japan sungalembetse motoka usanaonetse apolisi malo amene izigona. Umajambula mapu, umalemba miyeso ya malowo, ndipo malowo afunika kukhala osapitilila makilomita awili kucokela pa nyumba. Motoka ikakula kuposa malo, pepala silituluka. Popeza malo ni odula, anthu anamanga magalaji okwana ndendende motoka ya gulu la 5, ndipo m'mizinda munadzala nsanja zoimikamo mamotoka na makina, zambili zosalola motoka yopitilila mamilimita 1,550 msinkhu. Opanga miseu naonso anatenga bokosi la 4.7 na 1.7 kukhala muyeso wa motoka yaing'ono pojambula makona na mphambano. Lamulo linaumba motoka, motoka inaumba magalaji, magalaji n'kubwelanso kudzamanga motoka.

Zinasintha mu 1989. Cuma ca Japan cinali citafufuma, ndipo maiko ena, maka-maka America, anali kudandaula kuti misonkhoyi inali mpanda wotsekeleza mamotoka ao aakulu. Mu Epulo caka cimeneco msonkho wa katundu wapamwamba unathetsedwa, m'malo mwake munabwela msonkho wa pa zogula zonse. Msonkho wa pa caka unayamba kuyang'ana ukulu wa injini cabe, osati thupi. Motoka ya malita 2.5 inatsika kufika pa mayeni 45,000, ya malita 3 pa 51,000. Motoka yotakata ya 2,000cc inayamba kulipila cimodzi-modzi na yopapatiza.

Msika unali utanunkhiza kale. Nissan Cima inatuluka mu 1988 na thupi la 1,770 ndipo inagulidwa modabwitsa. Mitsubishi Diamante ya mu 1990, ya 1,775, inapangidwa mocita kuyang'ana lamulo latsopanoli, na injini ya malita 2.5. Mark II inatuluka m'bokosi mu 1992 n'kufika pa 1,750. GX100 na GX110 zimene zinali kulamulila Cairo Road zaka zapitazo ni ana a kusintha kumeneku: injini ikali 1,988cc, koma thupi lapitilila mzele. Mark X ya mu 2004 inafika pa 1,775.

Munthu angaganize kuti 1,695 inafela pomwepo. Sinafe, cifukwa msonkho ungasinthe usiku umodzi koma galaji ya konkili siisintha. Anthu ambili, maka-maka acikulile, anapitiliza kufuna motoka yokwana pa nyumba pao na m'kanjila ka kwao. Toyota inacita kupanga mitundu iwili ya motoka imodzi. Camry ya mu 1990 ya ku Japan inali 1,695, pamene ya ku America, imene inatuluka mu 1991, inali 1,770. Mu 2006 Corolla ya maiko ena inakula kufika pa 1,760, koma ya kwao, Axio, inatsala pa 1,695. Ndiye cifukwa cake Corolla yocokela ku South Africa na Axio ya caka cimodzi-modzi sizibwelekana mabampa na magalasi a kutsogolo, ndipo amene anatumapo munthu kukagula sipeya pongochula kuti "Corolla 2008" adziwa mmene nkhaniyo imathela. Allion na Premio, zimene zinayamba mu 2001, zinapangidwila ogula amenewa: munthu wofuna motoka yaulemu koma yosapitilila mzele. Olo Crown, imene inalowa m'gulu la 3 kale-kale, inadziikila malile ake a 1,800 n'kukhala pamenepo mpaka 2022.

Nanga zinafika bwanji kwa ise? Kale Zambia inali na njila ina. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970 ku Livingstone kunatsegulidwa fakitale yolumikiza ma Fiat, ndipo pa miseu panali ma Peugeot, ma Land Rover na mabasi a UBZ. Motoka inali ya boma, ya kampani, ya pa migodi kapena ya munthu mmodzi pa mseu wonse. Pambuyo pa 1991 malonda anatsegulidwa, ndalama zakunja zinayamba kupezeka mosavuta, UBZ inagwa pakati pa zaka za m'ma 1990, ndipo anthu anayamba kudzifunila okha zoyendela. Ku Japan nako kunali cokankha. Motoka yatsopano imapimidwa ikakwanitsa zaka zitatu, ndiyeno zaka ziwili zilizonse, ndipo kupimitsa kumeneku, kochedwa shaken, kumadya ndalama zambili. Ikapitilila zaka 13 msonkho umakwelanso. Ambili amaona kuti kuli bwino kugulitsa motoka ikali yolimba. Iwo amayenda kumanzele, ise timayenda kumanzele, siteling'i ili kulamanja. Conco zombo zinayamba kutsitsa pa Dar es Salaam na pa Durban, ndipo mamotoka anayamba kulowa pa Nakonde na pa Cilundu ali pa mzele.

Sitinasankhe motoka yopapatiza. Tinagula zimene anthu wamba a ku Japan anagula zaka 10 kumbuyo, ndipo iwo anagula zokwana m'magalaji ao. Koma mwa mwayi zinatiyenela. Lusaka wa pa mapu a atsamunda, amene anakhala likulu mu 1935, anali na miseu yotakata ya anthu ocepa. Lusaka wa ambili a ise anakula ngati Edo: nyumba coyamba, njila pambuyo. Mu Cawama, Kanyama, Mtendele kapena Garden muli tunjila tumene Corolla imapita magalasi atapindidwa, ngalande mbali iyi, kantemba mbali iyo. Woyendetsa takisi amene amakufikitsa pa khomo m'malo mokusiya pa mseu waukulu akuthandizidwa na lamulo la mu 1960 la dziko limene sanapondeko.

Pa Hiace mwayiwo umatha. Ku Japan magalimoto onyamula katundu ali na bokosi lomweli, puleti yake imayamba na 4. Hiace yopapatiza ya mu 2004 ni 4,695 utali, 1,695 m'lifupi, 1,980 msinkhu: yadzaza bokosi mbali zonse zitatu. Mkati mwake, cipupa na cipupa, muli mita imodzi na hafu. Zambili zinapangidwila makatoni, mapaipi na zida za omanga, osati anthu. Ikafika kuno timaikamo mabenchi, ndipo kondakita amafuna anayi pa mzele. Gawa mita imodzi na hafu kwa anthu anayi: aliyense alandila masentimita osakwana 40. Mapewa a munthu wamkulu amapitilila pamenepo. Ndiye mukamva kondakita akuti "fendelani, muli malo", dziwani kuti akutsutsana na boma la Japan, ndipo wachinayi uja amene wakhala na tako limodzi ndiye akulipila kusiyanako. Mlandu suli pa amene anapima motoka. Uli pa ise amene tinavomeleza kuti bokosi la katundu likhale basi ya mzinda wonse.

Manambala atatu aja amalowanso m'thumba motoka isanafike. Zombo zimene motoka imalowamo yoyenda yokha zimalipilitsa malinga na malo amene yadya, ndipo pa masaiti amalemba kuti M3. Amacita utali kucuukitsa na m'lifupi, kucuukitsanso na msinkhu. Allion yoyamba ni 4.565 na 1.695 na 1.47, zimene zipatsa 11.4. Mark X yoyamba ni 4.73 na 1.775 na 1.435, zimene zipatsa 12. Motoka yaitali msinkhu monga Noah imadya zambili kuposa pamenepo olo kuti m'lifupi n'cimodzi-modzi. Conco mamotoka awili a mtengo wofanana ku Yokohama angafike pa doko na mitengo yosiyana, ndipo si kuti wina wakubela.

Kuno kwathu malamulo a ukulu amaluma kwambili mathilaki, amene amaima pa sikelo monga pa Kapiri Mposhi kuti asaphwanye mseu. Saluni palibe amene amaipima na tepi. Koma tili na bokosi lathu, ndipo lili ku ZRA. Kucokela mu 2018 msonkho wa motoka yogwilapo nchito unaikidwa pa tebulo loyang'ana zinthu zitatu: mtundu wa thupi, ukulu wa injini na zaka. Sedan, hatchback, station wagon na SUV zili na mizele yosiyana, ndipo pa 1,500cc pali malile. Allion ya 1,496cc na Allion ya 1,794cc n'zofanana ukaziona pa mseu, koma pa boda sizilipila mofanana. Amene ayitanitsa motoka asanaone tebulo limeneli amakadziwila pa Nakonde, motoka ili m'yadi ndipo masiku akuwelengedwa. Tebuloli likucita kwa ise zimene lamulo la mu 1960 linacita ku Japan. Kuculuka kwa ma Vitz, ma Fit na tumamotoka tonse twa 1.3 na 1.5 tumene tukugwila nchito ya Yango si nkhani ya mafuta cabe.

Pali muyeso umodzi umene lamulo la Japan silinatiganizile: mpata wa pakati pa mimba ya motoka na nthaka. Kumeneko lamulo limafuna masentimita 9 cabe, ndipo saluni zambili zili na 15 kapena 16 zikakhala zopanda katundu. Lowetsamo anthu asanu, thumba la unga na la makala mu buti, mpatawo watsika. Ndiyeno kumana na hampu imene anthu a m'dela anaumba okha, kapena dzenje lobisika m'madzi a mvula. Ndiye cifukwa cake motoka yambili ikangofika imayamba yapita kwa makanika kukaikidwa masipesa kapena matayala okulilapo. Zimathandiza pa hampu, koma motoka yokwezedwa imapendama kwambili pa kona, ndipo pa Great East Road m'mapili a Manenekela zimenezo si zosewela nazo. Matayala akakula, sipidomita imaonetsanso liwilo locepa kuposa leni-leni.

Lomba bokosi lija likutha. Malamulo a citetezo anafuna kuti motoka ikagundidwa m'mbali anthu apulumuke, ndipo zimenezo zimafuna zitseko zocindikala, zitsulo mkati na ma airbag a m'mbali. Olo ma kei anawakulitsa mu 1998 pa cifukwa comweci, kufika pa mamita 3.4 utali na 1.48 m'lifupi. Makampani naonso analema kupanga thupi lapadela la msika umodzi, pamene ogula saluni ku Japan anali kucepa caka na caka. Mu 2019 Corolla ya ku Japan inawoloka mzele kwa nthawi yoyamba monga saluni, n'kufika pa 1,745, olo kuti anaicepetsako poyelekezela na 1,780 ya maiko ena. Allion na Premio analeka kuzipanga mu 2021. Noah inakula kufika pa 1,730 mu 2022. Axio, saluni yokha ya Toyota imene inatsala m'bokosilo, inatha mu 2025.

Popeza ise timayenda zaka 10 kumbuyo kwa msika wao, tikali na nthawi yogula zotsalazo, ndipo mitengo ya Allion yaukhondo ionetsa kale kuti ofuna ni ambili kuposa zimene zilipo. Pambuyo pake zombo zizibweletsa zimene aku Japan akugula lelo. Honda Vezel yoyamba ni 1,770. Toyota C-HR ni 1,795. Mazda CX-5 ni 1,840, kutanthauza mamilimita 145 kuposa Allion, pafupi-fupi utali wa foni imene mukuwelengelapo. M'yadi ya lendi mmene mumagona mamotoka anayi, foni zinayi zimenezo ni kuposa theka la mita, ndipo amene afika mocedwa usiku ndiye azikagoneka yake pa filing'i siteshoni.